Fayilo ya zip pa foni: itseguleni, koma muyambe mwasuzumira

Nkhani yanga ndi ya fayilo ija imabwera pa gulupu ya WhatsApp dzina lake lothera ndi .zip kapena .rar. Mukaidina, foni imakana, eti ilibe pulogalamu yotsegulira. Ambiri amangoti yawonongeka n'kuifufuta, bandulo yapita pachabe. Ena amapita nayo kwa anyamata oika nyimbo kumsika n'kukalipira. Chonsecho mkatimo mwina muli mapepala akale a MSCE, manotsi a Biology, kapena fomu yofunsira malo ku koleji yomwe tsiku lake lotseka layandikira.

Tiyambe ndi kudziwa kuti zip n'chiyani. Ili ngati mtolo: munthu watenga mafayilo makumi awiri, wawamanga pamodzi n'kuwafinya kuti achepe, ndiye akutumiza kamodzi m'malo motumiza imodziimodzi. Njirayi ndi yakale kuposa tonsefe muno. Anaiyambitsa ndi Phil Katz wa ku America mu 1989. Ya .rar inabwera mu 1993 ndi Eugene Roshal wa ku Russia, ndipo palinso ina yothera ndi .7z. Ntchito yake ndi imodzi, kungoti kamangidwe n'kosiyana, n'chifukwa chake pulogalamu ina imatsegula zip koma rar n'kuikana.

Kutsegula kwake sikovuta. Ngati foni yanu ndi ya Android, kaya Itel, Tecno kapena ina, yang'anani ngati muli pulogalamu ya Files by Google. Ngati mulibe, ndi yaulere pa Play Store. Itseguleni, lembani dzina la fayiloyo pamalo ofufuzira, kapena ingolembani zip. Mukaipeza idineni. Foni ikuonetsani mndandanda wa zomwe zili mkati, ndipo pansi pake pali mawu akuti Extract. Dinani pamenepo, dikirani pang'ono, basi mwamasula. A Samsung muli ndi My Files, imachita zomwezo. A iPhone, kuyambira pa iOS 13 ya 2019, mumangodina fayiloyo mu Files, foda yake n'kutulukira pompo.

Ikakhala ya .rar kapena .7z, Files by Google siingathe. Apa tengani ZArchiver kapena RAR, zonse zili pa Play Store. Ndikubwereza, pa Play Store, osati pa linki yomwe wina waponya pa gulupu.

Nanga ikakana ndithu? Zifukwa zake nthawi zambiri ndi zitatu. Choyamba ndi malo. Mukamamasula, foni imafuna malo a zip ija komanso a zonse zotuluka mkatimo. Zip ya 300 MB ikufuna ena 300 MB kapena kuposa. Mafoni athu aja a 16 GB odzaza ndi mavidiyo a pa gulupu amakanika apa. Fufutani kaye zosafunika, ndipo mukamasula n'kuona kuti zonse zikutseguka bwino, zip ija ichotseni.

Chachiwiri, fayilo sinatsike yonse. Netiweki ikaduka pakati kapena bandulo ikathera panjira, mumakhala ndi mtolo wodukira. Yerekezani kukula komwe kunalembedwa pa WhatsApp ndi komwe foni ikuonetsa. Zikasiyana kwambiri, itsitseninso pamalo pomwe netiweki ili bwino. Chachitatu, mafayilo ena aakulu amawadula m'zigawo, part1, part2, part3. Zigawo zonse ziyenera kukhala mu foda imodzi, ndipo mumatsegula choyambacho. Chimodzi chikasowa, palibe chotuluka.

Tsopano ndifike pomwe ndikufuna mumvetsetse. Mtolo womanga suonetsa zamkati, ndipo akuba amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake ndati foni imayamba yakuonetsani mndandanda musanadine Extract. Mndandanda umenewo uwerengeni, makamaka zilembo zakumapeto kwa dzina lililonse. Pepala la mayeso limathera ndi .pdf kapena .docx, chithunzi .jpg kapena .png, nyimbo .mp3. Mukaona .apk, imani kaye. Imeneyo ndi pulogalamu yoti ilowe mu foni yanu, si pepala ayi. Ena amachenjera, amalemba dzina ngati Biology.pdf.apk kuti diso lithere pa pdf. Chomwe chimawerengedwa ndi chakumapeto kwenikweni.

Pulogalamu yotere mukailowetsa imapempha chilolezo chowerenga mameseji anu ndi manambala a anthu. Mukavomera, manambala achinsinsi aja amabwera pa meseji potsimikiza akaunti ya WhatsApp, Facebook kapena ya kubanki angathe kuwaona munthu wina ali kutali. Mawa lake anzanu n'kumalandira uthenga wa dzina lanu wopempha ndalama. Komanso ambirife foni timabwerekana ndi makolo, ndiye si akaunti yanu yokha yomwe mukuika pachiswe. Foni ikakufunsani kuti mulole kulowetsa pulogalamu yochokera kosadziwika pamene inu mumafuna kuwerenga manotsi, yankho ndi ayi. Manotsi safuna chilolezo chilichonse.

Palinso zip ya pasiwedi. Payokha si yoipa, anthu amatseka zikalata zawo kuti asaone aliyense, ndipo amene wakutumizirani amakupatsani pasiwediyo. Koma nyengo ya mayeso ikayandikira mumaona mauthenga aja: likasa lenileni lili mu zip iyi, tumizani ndalama pa nambala iyi kuti tikupatseni pasiwedi. Aise, ukatumiza, mwina nambala ija imazima, mwina umapeza pepala la zaka zapitazo lomwe ukanalipeza kwaulere kwa aphunzitsi. Ndipo ngakhale litakhala lenileni, kukhala nalo ndi mlandu. Tikumbuke 2020, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa mu November chifukwa mapepala anatuluka nthawi isanakwane, ana a sukulu dziko lonse n'kukalembanso mu January 2021. Amene anavutika ndi onse, ndi omwe amene sanaone likasalo.

Mawu awiri kwa inu amene mumatumiza. Musaganize kuti zip ichepetsa chilichonse. Zolemba zimachepa ndithu, koma zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo zinafinyidwa kale, ndiye kuziika mu zip sikupulumutsa bandulo kwenikweni, kumangozisonkhanitsa pamodzi. Ndipo pofunsira ntchito kapena malo a sukulu, werengani zomwe apempha. Akati tumizani PDF, tumizani PDF. Amene akulandira makalata mazanamazana sangataye nthawi kumasula mtolo wanu, ndipo maimelo a m'maofesi ena amakana zip pofuna kudziteteza. Satifiketi yanu ingakhale yabwino, koma osaonedwa n'komwe.

Inunso ma admini a magulupu athu, mukamaponya zip lembani pansi pake zomwe zili mkati, kukula kwake ndi komwe mwaitenga. Mnzanu wa bandulo ya tsiku limodzi adziwiretu ngati n'zoyenera kutsitsa.

Fayilo ikakukayikitsani, funsani amene watumizayo, ndipo mufunse pomuimbira kapena pamaso, chifukwa mwina akaunti yake ili kale m'manja mwa ena. Akulu anati safunsa anadya phula. Amene muli ndi zip yomwe yakhala ikukana, musachoke tikamaliza. Bwerani ndi foni kutsogolo kuno tiione limodzi.