Makalata Obisika a Nkhondo ya Mau Mau

Pa 3 March, 1959, tsiku lomwe Dr. Banda anagwidwa ku Nyasaland, akaidi 11 anafa mu msasa wa Hola ku Kenya. Boma linalengeza kuti anafa atamwa madzi a m'ngolo. Koma bwalo lofufuza za imfa linapeza kuti anafa ndi zibonga za alonda, cifukwa anakana kugwira nchito.

Anthuwa anawatsekera pa mlandu wa Mau Mau, gulu limene ambiri ace anali Akikuyu omenyera minda yao yotengedwa ndi Azungu. Bwanamkubwa Sir Evelyn Baring anaika malamulo a nthawi ya cipolowe mu October, 1952, ndipo Boma linawacha zigawenga. Zoopsya anacitadi: ku Lari, mu March, 1953, anatentha nyumba za anzao omvera Boma, akazi ndi ana ali momwemo. Koma mbiri ya zakazo inalembedwa ndi mbali imodzi yokha, ndiyo imene inali ndi ndende ndi makalata.

Patapita zaka zambiri, David Anderson, wofufuza mbiri yakale, anakhala pansi ku Nairobi nawerenga makalata a milandu. Anapeza kuti Boma linanyonga amuna 1,090, ambiri osati cifukwa ca kupha munthu ai, koma kupezeka ndi mfuti kapena zipolopolo, kapena kuyenda ndi a m'nkhalango. Azungu wamba amene anaphedwa ndi Mau Mau anali 32. Anaonanso kuti makalata ena munalibe. Anali atawatumiza ku Mangalande mu 1963, Kenya ali pafupi kulandira ufulu, ndipo pamene Boma la Kenya linawapempha mu 1967 linamanidwa.

Mu 2009 nkhalamba zisanu za ku Kenya zinasumira Boma la Britain ku London. Anderson, Caroline Elkins ndi Huw Bennett anapereka umboni wa zimene anafufuza, ndipo mu 2011 Boma linabvomera kuti makalatawo anali ku Hanslope Park, pamodzi ndi a maiko ena 36, Northern Rhodesia ndi Nyasaland ali pomwepo. M'menemo munali kalata ya mkulu wa zamalamulo Eric Griffith-Jones, ya mu 1957, yolangiza Bwanamkubwa za kumenya akaidi, kuti ngati acimwa acimwe mwakacetecete. Tsono sikunali kotheka kunenanso kuti nkhanzazo zinali za alonda ocepa opanda mwambo, akulu anadziwa.

Mu June, 2013, Britain anabvomera kulipira £19,900,000 pa mlandu wa anthu 5,228 ozunzidwa. Ambiri anali atamwalira kale osanena zao, pakuti ngakhale Boma la Kenya lomwe, la Jomo Kenyatta ndi la Daniel arap Moi, linasunga lamulo la Atsamunda loletsa Mau Mau. Linafafanizidwa mu 2003.