Ganizo la M'mutu Lilibe Mboni

 

Inu achinyamata amene mwatsiriza maphunziro a bizinesi lero, mwandipempha kuti ndinenepo za mmene mungatetezere maganizo anu a bizinesi kwa akuba. Ndiyamba ndi mawu owawa: lamulo siliteteza ganizo lomwe likadali m'mutu. Mukauza mnzanu m'minibasi kuti mukufuna kupanga juwisi wa malambe, iye n'kuyamba mawa lomwe, palibe woweruza amene angam'peze wolakwa. Lamulo limateteza chimene mwalemba, mwalembetsa kapena mwasainirana.

Ku South Africa kuli bambo wina, Nkosana Makate. M'chaka cha 2000, akugwira ntchito ku Vodacom, anapereka kwa mabwana ake ganizo loti munthu wopanda mayunitsi azitha kutumiza uthenga waulere wopempha mnzake kuti amuimbire. Ndiye Please Call Me uja. Anamulonjeza kuti adzakambirana za malipiro ake, koma lonjezolo linali la pakamwa. Kampani inayamba ntchitoyi mu 2001, iye osalandirapo kanthu. Anakasuma mu 2008, ndipo khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linadzagamula momukomera mu 2016. Ngakhale pamenepo nkhani sinathe: kampani inati im'patsa marandi 47 miliyoni, iye anakana, n'kubwereranso kukhoti. Inde anapambana, koma taganizani zaka zimene zinathera m'makonde a makhoti, ndalama za maloya, ndiponso tulo tosagona. Zonsezo chifukwa chosowa pepala limodzi losainidwa. Ndani mwa inu angapirire mlandu wotere?

Choncho musanaulule tsatanetsatane kwa wofuna kuikamo ndalama, kwa wowotcherera amene akupangireni makina, kapena kwa wokulemberani pulogalamu ya pa foni, sainiranani mgwirizano wosunga chinsinsi. Ulembe momveka chimene mukuulula, ntchito imene mwam'loleza kuchita nacho, ndi zaka zimene asungire chinsinsicho. Ndikudziwa, kuno kwathu kutulutsira malume pepala kumaoneka ngati chipongwe. Atulutsireni ndithu. Abale ambiri amene salankhulana lero anayamba bizinesi akuseka, osalemba kuti gawo la yani ndi lotani. Antchito anunso mgwirizano wawo unene kuti zimene apanga ali pa ntchito yanu ndi za bizinesi yanu.

Ngati mwatulukira chipangizo chatsopano, kaya chotongolera chimanga kaya chopopera madzi, njira yake ndi patenti. Pano pali msampha. Patenti imaperekedwa pa chinthu chimene sichinadziwike kwa anthu. Mukathamangira kuchionetsa pa Facebook musanapereke pempho lanu, mukhoza kudzitsekera nokha khomo. Lembetsani kaye, kudzitama kubwere pambuyo. Mapempho amapita ku ofesi ya boma yolembetsa mapatenti, ndipo ngati mukufuna chitetezo m'maiko angapo a mu Africa, dziko lathu ndi membala wa ARIPO, bungwe lomwe likulu lake lili ku Harare.

Komabe patenti si ya aliyense. Imafuna ndalama, imakukakamizani kufotokoza poyera mmene chinthucho chimagwirira ntchito, ndipo nthawi yake ikatha aliyense ndi womasuka kuchipanga. Coca-Cola inayamba mu 1886, ndipo eni ake anasankha kubisa kasakanizidwe kake m'malo mokalembetsa. Mayi amene muli ndi kaphikidwe kanu ka tsabola kapena jamu, njira yanu ndi imeneyo: odziwa akhale ochepa, ndipo ochepawo asaine.

Kwa ambiri a inu, chuma chenicheni ndi dzina. Wogula akaona botolo la tsabola wa Nali safunsanso mafunso. Ena amaganiza kuti akalembetsa bizinesi ndiye kuti dzina la katundu wawo latetezedwa. Ayi. Chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa pachokha, motsatira lamulo la Trademarks Act la 2018, ndipo chimakhala zaka 10 musanachiwonjezere. Musanasindikize mapepala omata pa mabotolo, kafufuzeni ngati dzinalo lilibe mwini kale. Safunsa anadya phula.

Oimba, olemba ndi ojambula, umwini wanu umayamba ntchito ikangobadwa, malinga ndi lamulo la Copyright Act la 2016. Pitanibe ku COSOMA, bungwe loona za umwiniwu, kuti pakhale umboni ndiponso kuti muzilandira zanu.

Ndisakusiyeni ndi mantha. Ganizo lobisidwa mpaka kalekale silidyetsa ana, ndipo wokopera amavutika kupikisana ndi amene anafika pa msika poyamba ndi katundu wabwino. Pempho langa ndi ili: sabata ino isanathe, lembani ganizo lanu m'kope, ikani tsiku, sainani pamaso pa mboni, ndipo musanasaine pepala la munthu wina aliyense, kaonaneni ndi loya.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti maphunziro anu atsekedwa.