Titeteze Nyemba Zathu kwa Anankafumbwe

(Mau amene adayankhulidwa pa msonkhano wa ophunzira akale ku Kaseye)



Tonse tikudziŵa kuti kuno ku Chitipa, makamaka ku mapiri a Misuku, nyemba ndi ndiwo komanso ndalama ya fizi. Koma mlimi akakolola, mdani amakhala ataloŵa kale. Nankafumbwe wa nyemba amayamba kuikira mazira m'munda makoko akamauma, mphutsi zake nkumadya m'kati mwa njere. Pakapita miyezi yoŵerengeka thumba lonse lafumbwa. Poopa zimenezi makolo ambiri amagulitsa msanga pamtengo wolira, kenaka nkudzagulanso modula nthaŵi yodzala.

Mankhwala a m'sitolo monga Actellic amathandiza, koma si onse angaŵathe. Tsono pali chitsamba chotchedwa ombwe kapena mthuthu, chimene anzathu Atumbuka amati mtetezga, asayansi nkumati Tephrosia vogelii. M'masamba ake muli poizoni wa mtundu wa rotenone amene amapha tizilombo. Thyolani masamba, muŵayanike pamthunzi chifukwa dzuŵa limachotsa mphamvu yake, musinje, ndipo ufawo muusakanize ndi nyemba zouma bwino ndi zopeta. Pophika tsukani nyembazo mokwanira. Madzi otsukirawo asapite kumtsinje kapena kudziŵe, pakuti ombwe amapha nsomba.

Chenjezo lina nali. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Natural Resources Institute ndi ku Kew ku Mangalande, mogwirizana ndi anzawo a kuno ku Malaŵi, adaonetsa kuti ombwe alipo wa mitundu iŵiri yofanana maonekedwe: wina ali ndi poizoniyu, wina alibe. Nchifukwa chake mlimi wina amautama pamene mnzake amati ngwachabe.

Apa mpamene sukulu ingathandize. Mwana wa Fomu 2 angathe kuika nyemba ndi anankafumbwe m'mabotolo aŵiri, limodzi lothira ufa wa ombwe, lina losathira, nkumaŵerenga tizilombo takufa tsiku ndi tsiku. Chitsamba chimene chapambana ndicho tisunge mbeu yake.

Choncho ndikupempha bungwe lathu kuti ligule mabotolo ndi sefa, lipemphe kachigawo ka munda wa sukulu, ndiponso liitane mlangizi wa zaulimi adzatiunikire muyeso woyenera. Mbeu yoyesedwayo ana apite nayo kwawo patchuthi. Maphunziro amene tidalandira pano aonekere m'nkhokwe za makolo athu.