Nkhokwe Yosaoneka Pansi pa Mapiri a Blantyre

Tiyambe ndi mayi uja wadzuka tambala asanalire ku Bangwe kapena ku Chilobwe, chigubu chili kumanja, kukadikira pa mjigo. Mzinda wa Blantyre unamangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, komatu madzi ambiri a m'mipopi yake sachokera m'mapiri ameneŵa ayi. Amatungidwa mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, nakankhidwa ndi makina amagetsi mtunda wa makilomita ngati 40, chitunda chokhachokha. Magetsi akathima, mipopi imauma. Ngakhale madzi a Likhubula ochokera kuphiri la Mulanje sanathetse ludzu la anthu okwana 800,000 amene kalembera wa 1998 sanawalote n'komwe, koma wa 2018 anawapeza. Motero ambiri a ife tatembenukira ku zitsime ndi mijigo.

Kodi tikudziŵa kumene madzi a pa mjigo amachokera? Pansi pa mzindawu palibe nyanja. Pali thanthwe louma gwa, ndipo madzi amabisala m'ming'alu yake ndi m'miyala yofumbutuka imene ili pamwamba pake. Ndi nkhokwe yaing'ono, ndipo woidzaza ndi mmodzi yekha: mvula ya dzinja, ikapeza mpata woloŵerera pang'onopang'ono m'nthaka. Mpata umenewu unkaperekedwa ndi mitengo, mizu yake ndi masamba ake ogwa. Akuluakulu amene akutimvera akukumbukira phiri la Ndirande lili bii ndi nkhalango. Chiyambire zaka zoyambirira za m'ma 1990 lakhala lampalampala. Pamene panali mitengo takhoma malata, tawaka njerwa, tathira simenti mpaka pabwalo, kuti matope asatidetse nsapato.

Nayonso nyengo yasintha. Mvula imachedwa, imadukiza, kenaka imagwa yambiri m'masiku oŵerengeka. Sitidzaiŵala mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Ambuye awalandire abale athu aja. Madzi ochuluka chotere anathamangira kumitsinje. Ochepa okha ndiwo analoŵa m'nkhokwe ija.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza chikumbumtima. Munthu wopeza bwino amaitana makina, nakumba mjigo wakuya kuseri kwa mpanda wake, naikamo pampu yamagetsi yodzaza thanki usana ndi usiku. Sanabe kanthu, iye akutero, popeza malowo ndi ake. Koma ming'alu ya thanthwe sidziŵa malire a puloti, ndipo pofika Okutobala chitsime cha mayi wamasiye kumunsi kwake chikhoza kusanduka matope. Buku la Genesis limasimba za abusa a Isake amene anakangana ndi abusa a ku Gerari chifukwa cha zitsime. Ife mkangano wathu ndi wachinunu, chifukwa wolandidwayo saona dzanja lomulanda. Lamulo la dziko lino loona za madzi, la chaka cha 2013, limafuna kuti wopopa madzi ochuluka pansi pa nthaka ayambe watenga chilolezo. Tisaliyese chipsinjo.

Palinso zimbudzi zokumba. Azaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndiponso chikhale kumunsi kwake. Koma paphiri, kumunsi kwa ife ndiko kumtunda kwa mnzathu. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga miyoyo yoposa 1,700 m'Malaŵi muno. Malemu Papa Francis, m'kalata yawo Laudato Si' ya 2015, anachenjeza za kuipitsidwa kwa madzi a pansi pa nthaka.

Pamsonkhano wa mphakati sabata ino, tiŵerenge zitsime ndi mijigo ya m'dera lathu, tifunse kuti ndi ziti zinauma chaka chatha ndiponso mwezi uti, ndipo tizilembe m'kope. Mvula isanayambe, banja lililonse likumbe dzenje kumene madzi a padenga amagwera, patali pang'ono ndi maziko a nyumba ndi chimbudzi, lithiremo miyala. Okhala pamalo otsetsereka kwambiri asakumbe. Iwo atchere madziwo m'migolo.