Kupeta Nsalu ndi Msoko Wopingasa

 Lero tikambirana za luso lopeta nsalu, ndipo nkhani yathu tiyambira kwa Mfumu Simlemba m'boma la Kasungu, dera la alimi a fodya.

Kumeneko singano si mlendo. Nyengo yothyola fodya, amayi amakhala pansi pa chigafa kusoka masamba kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa litapendeka. Koma fodya akagulitsidwa ku msika wa Chinkhoma, ndalama zimadza kamodzi n'kutha msanga. Tsono manja aluso aja angathe kupezera banja kangachepe m'miyezi ina mwa kupeta nsalu za patebulo, za pamipando ndi zovundikira zakudya.

Msoko wosavuta kuyamba nawo ndi wopingasa, umene ulusi umadutsana ngati chilembo cha X. Masiku ano kuli maphukusi okonzeratu ochokera kunja. M'phukusimo mumakhala zinthu zinayi: nsalu ya timabowo yotchedwa Aida, singano yobuntha kunsonga, pepala la chitsanzo, ndi ulusi wa thonje wamawangamawanga. Ulusi wodziwika ndi wa Anchor ndi wa DMC, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Chingwe chimodzi chimakhala ndi timaulusi 6, koma popeta timapatula tiwiri tokha.

Phukusi lotere ndi mphunzitsi wabwino, komabe mtengo wake ndi wokwera, ndipo zithunzi zake kawirikawiri n'za maluwa ndi nyumba za kwa eni. Mukalimaliza, latha. Chimene sichitha ndi luso lowerenga, pakuti chinsinsi chonse cha msokowu chagona pamenepo: kabokosi kamodzi pa pepala ndi msoko umodzi pa nsalu.

Wodziwa zimenezi angathe kudzilembera yekha chitsanzo. Tengani kope la masamu la mwana wanu, lija la timabokosi. Jambulani tsamba la fodya, nkhanga, chitsononkho cha chimanga kapena njovu ya ku nkhalango ya Kasungu, ndipo mudetse timabokosi ndi mapensulo amitundu. Ngati Aida palibe, nsalu yamandalasi ngati ya yunifolomu ya ana ena a sukulu ikwanira, chifukwa timabokosi take n'tolembedwa kale. Ophunzira ayambe pa chiguduli choyera ndi ulusi wokhuthala.

Musanadule nsalu, werengani. Aida yofala imakhala ndi timabokosi 14 pa inchi imodzi. Chithunzi cha timabokosi 70 m'mbali chidzatenga mainchi 5. Onjezerani mainchi awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, ndipo mudule mainchi 9. Wodula mongoyerekeza amataya nsalu ndi ndalama zomwe.

Pali malangizo anayi ofunika kuwasunga. Loyamba, pindani nsalu kawiri kuti mupeze pakati, ndipo muyambire pomwepo. Lachiwiri, misoko yonse yapamwamba ipendekere mbali imodzi. Ikasokonezeka, chithunzi chimaoneka chamabala. Lachitatu, musamange mfundo kuseri, koma bisani nsonga ya ulusi pansi pa misoko ina. Lachinayi likukhudza makamaka inu a ku fodya: sambani m'manja ndi sopo musanagwire nsalu, popeza phula la fodya likalowa mu ulusi woyera limavuta kuchoka.

Aphunzitsi sali kutali. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alangizi a za pakhomo ankaphunzitsa amayi kusoka ndi kupeta m'midzi yambiri. Ena mwa amene anaphunzira nthawi imeneyo ndi agogo athu lero. Maso awo afooka, koma nzeru zilipo, ndipo akapita osatisiyira, tidzagula kwa alendo chimene chinali pakhomo. Atsikana ndi anyamata omwe, khalani nawo pamkeka muwafunse.

Pogulitsa, werengerani mtengo wa nsalu, wa ulusi ndi masiku amene mwagwira ntchito, kuti thukuta lanu lisapite pachabe. Mukakhala gulu, gulani phukusi limodzi, muphunzirepo nonse, kenaka aliyense alembe chitsanzo chakechake cha zinthu zimene amaziona kwawo.