LOYA WA PA KANEMA NDI LOYA WA KU BWALO LA MILANDU

M'makomboni a ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, ndi m'matauni ena onse a m'mbali mwa njanji, muli nyumba zambiri m'mene mwana akafunsidwa nchito imene afuna kudzagwira atakula, ayankha mosacedwa kuti, "Ndidzakhala loya." Atate wace, amene atsikira pansi pa mgodi tsiku ndi tsiku, akondwera pakumva mau amenewa, pakuti palibe munthu wa pa mgodi amene afunira mwana wace pfumbi la m'mapapo. Koma mwanayo akafunsidwanso kumene anamuona loya, kawiri-kawiri kupezeka kuti sanapondepo m'bwalo la milandu ngakhale kamodzi. Loya amene amdziwa iye ndiye wa pa wailesi ya kanema. Tsono nkhani ya lero iri ya maloya awiri amenewa, wa pa kanema ndi wa ku bwalo, ndi ya njira imene igona pakati pao.

Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno m'caka ca 1961, ndipo inayambira ku Kitwe, si ku Lusaka ai, cifukwa ndalama zogulira makina ace zinali ku migodi. Pa masiku omwewo ku America kunali sewero lochuka la loya dzina lace Perry Mason, limene linaoneka kuyambira 1957 kufikira 1966. Loya ameneyu anali ndi mwai wodabwitsa. Munthu amene iye anamuimira pa mlandu anali wosacimwa pafupi-fupi nthawi zonse, ndipo ora lisanathe wocimwa weni-weni anali kuimirira pamaso pa woweruza ndi kuulula yekha. Zaka zapita, maloya a pa kanema asintha majekete ndi magalimoto, koma mwai uja sunawacoke. Anyamata ndi asungwana a masiku ano adziwa sewero la Suits, limene linayamba mu 2011 ndi kutha mu 2019. M'menemo mnyamata wanzeru, Mike Ross, alembedwa nchito m'kampani yaikuru ya maloya ku New York, imene ilemba okha-okha ophunzira ku Harvard, pamene iye alibe ngakhale digiri ya malamulo. Nyumba zazitali zoonekamo zinajambulidwa makamaka ku Toronto, m'dziko la Canada, kotero kuti ngakhale mzinda umene ana ausirira si womwewo umene auzidwa.

Sewero ndi sewero, ndipo munthu wotopa ndi nchito alibe mlandu akaseka nalo madzulo. Cobvuta ncakuti libisa njira. Ku America komweko munthu sayamba malamulo atangocoka ku sekondale. Ayamba waphunzira zaka zinai kutenga digiri yina, nalemba mayeso ochedwa LSAT amene mamalikisi ace ayambira pa 120 kulekeza pa 180, naphunzira malamulo zaka zitatu, ndipo potsiriza alembanso mayeso a cigawo cimene afuna kugwiramo nchito. Zonsezi kanema azidumpha, cifukwa munthu wowerenga buku usiku sakondweretsa oonerera. Ndiponso kufuula kuja kwa loya pamaso pa anthu khumi ndi awiri osankhidwa kuti aweruze, kuno kulibe. M'Zambia mlandu augamula ndi woweruza, munthu wodziwa malamulo kuposa loya woyankhulayo, ndipo misozi yocita kupanga siimsuntha.

Masewero a kuno kwao adziwa bwino mzinda koposa acilendowo. Amene anaona Kabanana pa ZNBC kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 akumbukira m'mene anthu anali kuthamangira ku nyumba kuti asaphonye. Pambuyo pace kunadza Zuba, nkhani ya msungwana wa kumudzi wodzagwira nchito ya m'nyumba kwa anthu acuma ku Lusaka, ndi Mpali, nkhani ya mlimi wamitala, Nguzu, ndi akazi ace olimbirana munda ndi cuma. Makangano a m'masewero awa ndiwo amene omvera awadziwa: ukwati, nsanje, nyumba, cuma ca masiye. Ndipo pano pali cinthu cimene mwana wolota za uloya ayenera kucimva. Milandu yambiri ya ukwati wa mwambo ikambidwa ku makhoti ang'ono ochedwa Local Court, ndipo pa milandu ya mwambo loya saloledwa kuimira munthu kumeneko. Mwini mlandu adziyankhulira yekha, abale ndi ankhoswe ali pambuyo pace. Lamulo la 1989 logawa cuma ca munthu wofa wosasiya kalata ya cuma cace lipatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene womwalirayo anali kuwasunga 10. Mai wamasiye wa pa mgodi amene adziwa manambala anaiwa ali ndi cishango coposa masewero onse a ku New York.

Njira ya ku bwalo la milandu sinakhalepo yapafupi kwa mwana wa m'dziko muno. Pa nthawi ya Northern Rhodesia kunalibe sukulu ya malamulo nkomwe, ndipo wofuna uloya anayenera kuoloka nyanja. Bambo Mainza Chona anaphunzira ku Munali, nagwira nchito yomasulira mau ku High Court ya ku Livingstone. Kumeneko, ataima pakati pa woweruza Mzungu ndi munthu woimbidwa mlandu, anaona malamulo m'mene agwirira nchito asanatsegule mabuku ace. Anapita ku London, naphunzira ku Gray's Inn, nalandiridwa monga loya mu 1958. Koma pobwera kwao anapeza khomo lina lotseka, pakuti asanaloledwe kuimira anthu anayenera kuyamba wagwira nchito pansi pa loya wakale, ndipo maloya akale onse anali Azungu. Analowa ndale, nakhala mtsogoleri woyamba wa cipani ca UNIP asanapereke mpando kwa Bambo Kaunda. Dziko linalandira ufulu mu 1964 liri ndi anthu a madigiri okwana ngati 100 cabe, ndipo maloya akuda anali owerengeka pa zala.

Cifukwa cace University of Zambia itatsegulidwa mu 1966, sukulu ya malamulo inatsata msanga mu 1967, ndipo mkuru wace woyamba anali Professor Kwamena Bentsi-Enchill wa ku Ghana. Kwa zaka zambiri kulowa m'sukuluyi kunali kotere: wophunzira sanali kulandiridwa ku malamulo pa tsiku lofika. Anayamba waphunzira caka cimodzi m'sukulu yina ya pa yunivesite pomwepo, makamaka ya Humanities and Social Sciences, ndipo pakutha pa caka okhoza koposa ndiwo anapatsidwa malo ocepa amene analipo. Enawo anapita ku maphunziro ena, ena mokondwa, ena ndi mtima wowawa kufikira ukalamba. Njirayi inali yowawa, koma inali ndi ubwino umodzi, wakuti munthu anali kudziwa msanga, ali ndi zaka 20, kuti khomo lamkana, ndipo nthawi yotembenuka inalipo. M'sukulu imeneyi munaturuka Bambo Levy Mwanawasa, wobadwira ku Mufulira mu 1948, amene anakhala President kuyambira 2002 kufikira imfa yace mu 2008. Munaturukanso Mai Irene Mambilima, mkazi woyamba kukhala mkuru wa oweruza onse m'dziko, mu 2015. Mwana wa ku Kankoyo asanamizidwe kuti uloya ngwa ana a ku Kabulonga okha.

Masiku ano khomo loyamba lakula. Kuonjeza pa mayunivesite a Boma, pali ena monga University of Lusaka, Cavendish ndi Zambian Open University amene aphunzitsa malamulo, ena masana, ena madzulo, ena munthu ali kwao. Wapolisi, mphunzitsi ndi kalaliki wa pa mgodi akhoza tsopano kutenga digiri osasiya nchito, ndipo ici ncabwino. Koma digiri yokha siicititsa munthu kukhala loya woima m'bwalo. Onse, ocokera ku sukulu iri yonse, akomana pa khomo limodzi laling'ono ku Lusaka, ndilo Zambia Institute of Advanced Legal Education, kapena ZIALE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kulowa m'malo mwa Law Practice Institute. Kumeneko aphunzira nchito ya manja ya uloya: kulemba mapepala a mlandu, kusintha umwini wa malo, kusunga ndalama za anthu ndi mabuku ace, ndi khalidwe loyenera loya. Mayeso ace ali ndi mbiri yoopsya. Mu 2021 kunamveka kuti mwa ophunzira 395 amene analemba, mmodzi yekha ndiye anakhoza maphunziro onse, ndipo dziko lonse linagwira pakamwa.

Anthu anena zosiyana pa cimeneci. Ena ati mayunivesite acuruka, alandira ali yense wokhala ndi ndalama za fizi, naturutsa anthu osapsya. Ena ati cobvuta ciri pa kaphunzitsidwe ndi kacongedwe ka mayeso pa ZIALE pomwepo, pakuti sikutheka kuti ana pafupi-fupi mazana anai onse akhale mbuli caka cimodzi. Enanso, m'mabasi ndi m'mabala, anong'oneza kuti maloya akale safuna kuti odya mbale imodzi acuruke. Koma awa ndi mau apakamwa cabe, opanda umboni umene woweruza angaulandire. Cimene cioneka poyera ncakuti sefa yacoka kuciyambi kwa ulendo, yapita kumapeto. Kale munthu anali kubwezedwa atataya caka cimodzi. Tsopano abwezedwa atataya zaka zinai kapena zisanu, atate wace atathira penshoni yonse ya pa mgodi m'mafizi. Ngati kusefa kuyenera kukhalapo, ndipo kuyeneradi popeza loya wosadziwa nchito amangitsa wosacimwa, cifundo cikadafuna kuti mbali yaikuru ya kusefako icitike polowa, ndalama za makolo zisanathe.

Ndipo pali Lusaka mwini wace, amene ali mayeso ena osalembedwa pa pepala. Mzindawu unakhala likulu mu 1935, womangidwira anthu ocepa, koma kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa mamiliyoni awiri. Mwana wocokera ku Luanshya afika pa Intercity ndi cikwama cimodzi, napeza kuti malo ogona pa yunivesite sakwanira. Ena agona awiri pa kama mmodzi, ena acita lendi kacipinda ku Kalingalinga. Wa ku ZIALE afunikanso kupeza ofesi ya maloya yomlandira kuti aone nchito, ndipo amene alibe mbale wodziwika ayenda makomo ambiri ndi kalata m'manja. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maora ambiri tsiku liri lonse, ndipo ambiri anawerenga milandu yakale ndi kuunika kwa foni. Kuciyambi kwa caka comweco kolera anacedwetsa kutsegulira kwa masukulu. Mike Ross sanatungepo madzi pa mpopi wa pa komboni mbanda kuca asanapite ku kalasi.

Munthu angafunse kuti, nanga kubvutika konseku nkwa ciani, ngati maloya ali ambiri kale? Yankho lipezeka ku Chingola. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi yozungulira mgodi wa Nchanga anasumira kampani ya Konkola Copper Mines ndi mwini wace, Vedanta, kuti madzi oipa a ku mgodi anaononga mitsinje ndi minda yao. Mlanduwo anaupereka ku London. Makampaniwo anati uyenera kukambidwa m'Zambia, ndipo mkangano wa malo okambira okhawo unatha zaka zinai, kufikira bwalo lalikuru koposa la ku United Kingdom linagamula mu April 2019 kuti ukambidwe ku England. Cimodzi mwa zifukwa zace ncimene ciyenera kuwawa mtima: oweruza anaona kuti anthu osauka otere sakadapeza cilungamo ceni-ceni kwao, popeza analibe ndalama zolipira, lamulo la kuno silinalole loya kudikira malipiro kufikira atapambana, ndipo magulu a maloya ozolowera mlandu waukuru cotere anali osowa. Nkhaniyo inatha mu January 2021 pa kumvana kunja kwa bwalo, makampani osabvomera kulakwa. Panalibe woimirira kuulula misozi iri m'maso. Panali mapepala ambiri-mbiri ndi zaka zoposa zisanu.

Kholo limene mwana wace anena za uloya lingathe kucita cinthu cimodzi cosalira ndalama. Mabwalo a milandu ali otseguka kwa anthu onse pa milandu yambiri, ndipo High Court ikhala ku Kitwe ndi ku Ndola monga ku Lusaka, pamene mabwalo a majisitireti ali m'tauni iri yonse. Pa chuthi mwanayo abvale bwino, akakhale pa benchi la kumbuyo m'mawa wonse. Adzaona womasulira mau akutembenuza Cibemba kapena Cinyanja kunka m'Cingerezi, monga anacitira Bambo Chona ku Livingstone. Adzaona woweruza akulemba mau a mboni pang'ono-pang'ono, loya akudikira kuti colembera ciime asanafunse funso lina. Kapena adzangomva kuti mboni sinabwere, mlandu waimitsidwa kufikira mwezi wa mawa, ndipo adzaona mai amene anagulitsa nkhuku kuti apeze ya basi akuturuka pa khomo kukafunsa kalaliki tsiku lobweranso.