Za Mabuku a Mbiri m'Sukulu Zolandira Ndalama za Boma

M'chaka cha 1907 Boma la Nyasaland linayamba kuthandiza sukulu za mishoni ndi ndalama za msonkho, umene Msilamu anakhoma monganso Mkristu. Nanga ana anaphunziramo chiani? Kuti Livingstone ndiye anapeza nyanja mu 1859, ngati kuti makolo athu sanali kuphamo usipa. Kuti Myao ndiye wogulitsa akapolo basi. Kuti John Chilembwe, amene nkhope yake iri pa ndalama zathu lero, anali wopanduka chabe. Chotero ndipempha kuti tisankhe akuru atatu, mmodzi akhale Msilamu, awerenge mabuku amene ana athu anyamula tsopano, nadzatiuze zimene apezamo pa msonkhano ukudzawo.